Mng'ono wokana kuferedwa: kuyeza chibale mu Fullmetal Alchemist

Okonda anime akayamba kukangana za mpangankhani amene walembedwa mozama, kawirikawiri amangowerengetserana masoka. Uyu makolo ake anaphedwa iye akuona, uyo mtundu wake wonse unatha psiti, winayo anakulira mumsewu. Amene wavutika koposa ndiye amanyamula chikho. Muyeso umenewu ine sindiuvomera. Tsoka n'lotchipa kwa mlembi: pa masamba awiri okha akhoza kupululapo banja lonse, ndipo oimba akalowetsapo kanyimbo kachisoni, misozi imangobwera yokha. Ntchito yovuta n'kulemba munthu wokhala ndi zofuna zakezake, zimene tsiku lina zidzawombane ndi zofuna za anthu amene amamukonda. Pa ana obadwa bere limodzi m'pamene luso limeneli limaonekera msanga, chifukwa m'bale sasankhidwa. Awiriwo anakulira nyumba imodzi, anaika maliro amodzimodzi, koma aliyense anasenzapo katundu wake.

Nkhani imene ndikufuna tiyezerepo ndi Fullmetal Alchemist ya Hiromu Arakawa, mayi amene anakulira pa famu ya ng'ombe zamkaka ku Hokkaido. Inatuluka ngati manga m'magazini ya Monthly Shonen Gangan kuyambira 2001 mpaka 2010, ndipo inadzaza mabuku 27. Kampani ya Bones inaijambula kawiri: koyamba mu 2003, magawo 51, manga isanathe, kotero kuti chakumapeto anapeka njira yawoyawo; kachiwiri mu 2009, magawo 64, pa dzina loti Fullmetal Alchemist: Brotherhood, potsatira buku mpaka kumathero. Amene simunaonere, dziwiranitu kuti ndiulula zonse, ndi mathero omwe.

Edward ndi Alphonse Elric ndi anyamata a m'mudzi wa Resembool, m'dziko lopeka la Amestris, kumene alchemy, luso lophwasula chinthu n'kuchiumbanso mwina, ndi sayansi yovomerezeka ndi boma. Lamulo lake lalikulu ndi lakuti sungapeze kanthu osapereka china cholingana nacho mtengo. Bambo awo, Van Hohenheim, anachoka pakhomo anawa ali aang'ono. Mayi awo, Trisha, anamwalira ndi matenda. Edward ali ndi zaka 11, Alphonse 10, anasonkhanitsa zonse zimene zimapanga thupi la munthu wamkulu, malita 35 a madzi, makilogalamu 20 a carbon ndi zina zotero, n'kudonthezerapo magazi awo, kuti awabweze mayi awo kumanda. Chimene chinatuluka sichinali munthu. Edward anaduka mwendo wakumanzere. Alphonse anatengedwa yense. Ali m'thamanda la magazi, Edward anapereka mkono wake wamanja kuti akoke mzimu wa mng'ono wake n'kuumangirira, ndi chidindo cha magazi, m'chovala chankhondo chachitsulo chimene chinaima pakona m'chipindamo.

Pamenepa n'kosavuta kungoti "kalanga ine" n'kudutsa. Koma taonani mmene Arakawa wagawira ngongole. Edward amadziona wolakwa, poti maganizo onse anayamba ndi iye, ndipo amene analipira kwambiri ndi mng'ono wake. Alphonse nayenso amadziwa kuti anavomera yekha, ndipo tsiku lililonse amaona mkono wachitsulo umene mkulu wake akuvala chifukwa cha iye. Aliyense akuyesa kuti wangongole ndi iyeyo. Edward akati cholinga cha ulendo ndi thupi la Al, Alphonse amati ayi, ndi mkono ndi mwendo wa achimwene. Nkhani yonse yaima pa kusagwirizana kwachikondi kumeneku.

Moyo wa Alphonse m'chitsulomo sautchula kamodzi n'kuuiwala. Ndi chimunthu chachitali kupitirira mamita 2, cha nyanga pamphumi, koma chikayankhula mumamva mawu a kamwana akulira m'chitini chopanda kanthu. Sadya, samva kutentha kapena kuzizira, ndipo sagona. Usiku Edward akamaliza mkonono mimba ili pamtunda, Al amakhala tsonga pakona kudikira kuti kuche, ndipo wakhala akutero kwa zaka. Ali ndi kabuku kamene amalembamo zakudya zoti adzadye thupi lake likadzabwerera. Akapeza kamphaka konyowa ndi mvula amakabisa m'chifuwa chachitsulocho, Edward n'kudzakamva kakulira ali pakati pa nkhani yofunika. Edward ndi katswiri wotchuka wa alchemy wa boma, koma kulikonse kumene afika, anthu amathamangira kwa Al poyesa kuti katswiriyo ndi iyeyo, Edward wamfupiyo n'kupsa mtima. N'zoseketsa, inde, koma patsogolo Edward amadzafika poganiza kuti thupi lake likudyera ndi kugonera anthu awiri, chifukwa thupi la Al, kumene lili, likadali lolumikizana ndi lake. Ngakhale nthabwala ya msinkhu ija, mlembi anaimangirira pa chibale.

Malo oyamba amene chibalechi chimayesedwa ndi ku East City, mvula ikugwa. Scar, munthu wa ku Ishval amene akusaka ndi kupha akatswiri a alchemy a boma, wawapanikiza. Waphwanya mbali ya chitsulo cha Al, waswa mkono wa Edward zidutswazidutswa. Edward, ali chogwada m'matope, akupempha chinthu chimodzi: kuti Scar aphe iye yekha, mng'ono wake amusiye. M'nkhani zambiri apa ndiye pampondachimera, pamene mkulu amavekedwa ulemu wonse, mng'ono n'kumalira moyamikira. Kuno asilikali atabwera n'kuwapulumutsa, Alphonse akumukhoma mkulu wake chibakera. Akumuzazira kuti bwanji sanathawe, bwanji wasankha imfa mwayi wokhala ndi moyo ulipo, ndipo akanafa, iye akanatsala ndi yani. Akupitiriza kukalipa mpaka mkono wake kuguluka n'kugwa pansi.

Chibakera chimenecho n'chimene chimandiuza kuti Alphonse ndi munthu. Wakana kukhala chifukwa choti mnzake afere. Aliyense amene analipiriridwa fizi ndi achimwene ake, iwowo atasiyira sukulu panjira, akudziwa kuti mphatso yotere imalemera, ndipo kuti pansi pa kuthokoza pamabisala kamkwiyo kamene munthu amachita nako manyazi. Mlembi waulesi amangoonetsa kuthokozako. Arakawa waonetsa zonse ziwiri.

Malo achiwiri ndi oopsa kwambiri. Ku labotale yachisanu ya asilikali, Al akukumana ndi Barry the Chopper, chigawenga chimene mzimu wake unamangiriridwanso m'chitsulo. Barry akumufunsa funso lachipongwe: ukudziwa bwanji kuti unakhalapo munthu? Bwanji ngati mkulu wakoyo anangokupanga, n'kukuika m'mutu zikumbukiro zabodza? Al alibe khungu loti adzitsine. Akukumbukiranso kuti Edward anamuuzapo kuti pali chinthu chimene wakhala akuopa kumufunsa. Funsolo likumudya mwakachetechete mpaka kukaphulikira kuchipatala, kumene akumunena mkulu wake maso ndi maso kuti anamupeka. Edward sakudziteteza; akungomwetulira mowawidwa n'kutuluka. Amene akuthetsa nkhaniyi ndi Winry Rockbell, mnzawo wapaubwana amene amakonza mkono wa Edward. Akumugogoda Al ndi sipanala, misozi ili chuchuchu, n'kumuululira kuti chimene Edward amaopa kufunsa n'chakuti kodi mng'ono wake amadana naye chifukwa chomuika m'chitsulo. Anthu awiri okhala chipinda chimodzi, aliyense ali ndi mantha ake okhudza mnzake, ndipo palibe amene analimba mtima kutsegula pakamwa. Akuyanjana padenga la chipatala pomenyana ngati mmene ankachitira ali ana, uku akukumbutsana tizinthu timene ankalimbirana.

Pano ndiyenera kudandaula. Brotherhood imathamanga kwambiri m'magawo ake oyambirira, ngati ikuganiza kuti aliyense anaonera kale ya 2003. Kukayika kwa Al kumayamba m'gawo 8 n'kutha m'gawo 9, pamene bala lotere limafunika nthawi kuti litukusire. Ya 2003 inamulola Al kuthawa n'kukakhala kwayekha ndi maganizo akewo. N'chimodzimodzi nkhani ya kamtsikana Nina, kamene bambo ake, Shou Tucker, anakaphatikiza ndi galu wawo: mu Brotherhood zonse zimachitika m'gawo 4 lokha, pamene mu 2003 anyamatawa amakhala m'nyumbamo nthawi yaitali mpaka Nina kusanduka ngati mlongo wawo. Pa chiyambi cha nkhani, yakaleyo ili patsogolo.

Kumene Brotherhood imabwezera ndi pa abale ena amene yawandanditsa mozungulira anyamatawa. Scar yemweyo ali ndi mkono wamanja wodzaza mphini umene si wake. Ndi wa mkulu wake, wophunzira amene ankafufuza alchemy pamene anthu a ku Ishval ankaiona ngati yonyoza mulungu wawo. Katswiri wa boma Solf Kimblee ataphulitsa banja lawo pa nkhondo ya ku Ishval, mkuluyo anadula mkono wake n'kuulumikiza pa mng'ono wake kuti asafe, iye n'kutsirizika. Scar anadzuka n'kupeza mphatso imene sanapemphe, wopereka palibe woti amukalipire kapena kumuthokoza, ndipo mkonowo anausandutsa chida chophera. Ndi Alphonse amene sanapatsidwe mpata woponya chibakera. Tsono poganiza kuti munthu ameneyu ndi amene Edward anamugwadira kupempha kufera mng'ono wake, mumaona kuti mlembi sanaike zinthuzi mwangozi.

A Armstrong ndi amtundu wina. Olivier, mkulu wa asilikali pa linga la Briggs kumpoto, amamunyoza mlongo wake Alex poyera chifukwa anasweka mtima pa nkhondo ya ku Ishval n'kubwezedwa kumudzi. Amamumenya mpaka kumulanda utsogoleri wa banja ndi nyumba yomwe. Pambuyo pake m'pamene mumazindikira kuti potero wasamutsa makolo awo mumzinda nkhondo yomaliza isanabuke, ndipo nyumbayo akubisamo asilikali ake. Atamenyana limodzi ndi chilombo chotchedwa Sloth, Olivier sasintha n'kukhala wofatsa ayi, ndipo ndikuthokoza kuti sasintha. Chibale ndi fupa, sichiola, koma si fupa lililonse limene limakoma kuliona. Za Ling Yao ndi May Chang, ana a mfumu imodzi ya ku Xing koma amayi osiyana, amene akulimbirana ufumu pakati pa mafuko 50, nkhaniyi inangozikhudza pamwamba.

Kuti muyesowu uoneke bwino, tiuike pa nkhani ina imene achinyamata ambiri amaidziwa kuposa iyi: Demon Slayer ya Koyoharu Gotouge, imene inatuluka mu Weekly Shonen Jump kuyambira 2016 mpaka 2020, kampani ya ufotable n'kuyamba kuijambula mu 2019. Tanjiro Kamado, woyamba mwa ana 6, wotentha ndi kugulitsa makala m'nyengo ya Taisho ku Japan, akubwerera kuphiri n'kupeza mayi ake ndi abale ake anayi ataphedwa, mlongo wake Nezuko atasanduka chiwanda. Ulendo wake ndi wofanana ndi wa Edward: kubwezera m'bale thupi laumunthu. Chikondi cha Tanjiro n'chenicheni, zojambula zake n'zosayerekezeka, ndipo amene anaonera gawo 19, pa phiri la Natagumo, sangakane kuti tsitsi linamuima. Filimu yake ya Mugen Train mu 2020 inaposa Spirited Away pa ndalama ku Japan. Zonsezo sindikutsutsa.

Koma Nezuko ndani? Kukamwa kwake kwamangidwa kansungwi. Masana amadzichepetsa ngati kamwana n'kulowa m'bokosi limene Tanjiro amabereka kumsana. Mlongo wake akuphunzira lupanga, iye akugona pafupifupi zaka ziwiri. Kuwonjezera apo, mphunzitsi Urokodaki anamunong'oneza ali m'tulo kuti aziona anthu onse ngati abale ake, kotero kuti ngakhale ubwino wake timalephera kudziwa kuti wake weniweni ndi uti, wouzidwa ndi uti. Ena amati kusayankhulako ndiye tsoka lake, ndipo n'kumene kumatikhudza. Zoona, kumakhudza. Komatu munthu amene sangatsutse sangatidabwitse, ndipo kwa magawo ambirimbiri Nezuko amakhala chifukwa chimene Tanjiro akumenyera nkhondo, osati mnzake wokambirana naye ulendo. Sangamufunse kuti bwanji unagona kwa eni usiku umene tinkaphedwa. Funso limenelo Tanjiro amadzifunsa yekha, n'kudziyankha yekha.

N'chifukwa chake malo amene Nezuko amaoneka wamoyo koposa ndi kumapeto kwa chigawo cha mudzi wa osula malupanga, cha mu 2023. Dzuwa likutuluka, khungu lake layamba kupsa, ndipo chiwanda chikuthamangitsa anthu a m'mudzimo. Tanjiro wauma, sakutha kusankha pakati pa mlongo wake ndi anthuwo. Nezuko akumuponda theche lomuulutsa m'mwamba kuti apite akapulumutse eni ake. Theche limenelo ndi chibakera cha Alphonse, kungoti lafika mochedwa kwambiri.

Chodabwitsa n'chakuti Gotouge amadziwa kulemba chibale cholemera, kungoti anachipereka kwa adani. Gyutaro ndi mlongo wake Daki, ziwanda za ku Yoshiwara, atadulidwa mitu, mitu iwiriyo ili pansi ikunyenyeka koma ikutukwanizana: uyu akuti ndiwe wonyansa sungakhale m'bale wanga, uyo akuti ukanapanda kubadwa moyo wanga ukanakoma. Tanjiro akuchita kumutseka pakamwa Gyutaro. Kenako, mumdima wa pambuyo pa imfa, Gyutaro akumuthamangitsa mlongo wake, amene dzina lake lenileni ndi Ume, kuti apite kowala, iye alowe kumoto yekha. Ume akukana, akumudumphira kumsana, ndipo akulowa m'malawi ataberekana. M'mphindi zochepazo muli chidani, manyazi, umphawi, ndi wamng'ono wokana kusankhiridwa. Awiriwa ndimawadziwa bwino kuposa mmene ndimamudziwira Nezuko.

Wina angayese kuti ndikutanthauza kuti abale akamakangana kwambiri ndiye kuti alembedwa bwino. Ayi ndithu. Itachi ndi Sasuke a mu Naruto ya Masashi Kishimoto amafunana kuphana kwa zaka, komabe pafupifupi chilichonse pa moyo wa Sasuke chinakonzedwa ndi mkulu wake mwachinsinsi, mpaka chidani chake chomwe. Kulemera kwa chibale chawo kumabwera ndi kuululidwa kwa chinsinsi Itachi atafa kale. N'kosangalatsa kuonera koyamba, koma ndi mlembi amene watibisira khadi, osati anthu awiri amene tawaona akukula pamaso pathu.

Tibwerere kwa Alphonse, poti naye ali ndi pomudzudzulira. Ndi wabwino mopitirira muyeso. Kupatula za kuchipatala zija, simumuona akuchita nsanje, kaduka kapena kakhalidwe kena konyansa, pamene Edward ndi wamwano, wodzimva, wosachedwa kupsa mtima, ndipo amadana ndi bambo ake mpaka kuwakhoma chibakera. Mwana wa zaka 14 amene wakhala zaka zinayi osagona akanayenera kukhala ndi tsiku loipa nthawi ndi nthawi. Chimene chimamupulumutsa n'chakuti m'theka lachiwiri mlembi akuwalekanitsa anyamatawa, Al n'kuyamba kugamula zinthu payekha, mwinanso mosiyana ndi mkulu wake. Atazindikira kuchokera m'zolemba za katswiri wina, Dr. Marcoh, kuti mwala wa Philosopher's Stone umene ankausaka umapangidwa ndi miyoyo ya anthu, onse awiri analumbira kuti sadzaugwiritsa ntchito pobweza matupi awo. Koma Al, atapanikizika ndi Kimblee ndi mdani wina wotchedwa Pride, akuulandira mwalawo n'kumenya nawo nkhondo, poganiza kuti mizimu ili m'katimo nayonso ipatsidwe mpata wobwezera. Patsogolo akufika pamaso pa thupi lake lenileni, lowonda mafupa okhaokha, tsitsi litatalika, likumutambasulira dzanja. Chinthu chimene wachilakalaka usiku uliwonse chili pomwepo. Akulisiya, chifukwa ndi thupi lofookalo sangathandize anzake amene akumenya nkhondo. Palibe amene anamuuza kutero.

Mathero amafuna kuwaganizira mofatsa, chifukwa poyamba amaoneka ngati akudzitsutsa. Pa nkhondo yomaliza mkono wachitsulo wa Edward wasweka, winawo wabayidwa ndi chitsulo n'kukanirira, ndipo mdani akumuyandikira. Al, chitsulo chake chitang'ambika, akupempha May kuti amuthandize kubweza malonda aja: mzimu wake upite, mkono weniweni wa Edward ubwerere. Kodi si chomwecho chimene anamumenyera mkulu wake ku East City? Ndikuona kusiyana. Edward tsiku lija anataya mtima n'kusankha kufa. Al akupita ali ndi chikhulupiriro chonse kuti mkulu wake amulondola, ndiye kuti akumusenzetsa udindo wopambana ndi kukhala moyo. Edward nayenso waphunzira. Kuti abweze Al, Ling akumupatsa mwala uja, akukana. Hohenheim akupereka moyo wake, akukana, ndipo kwa nthawi yoyamba akuwatchula kuti bambo. Kudzipereka yekha sakukuganiziranso. Akupereka luso lake lonse la alchemy, chinthu chimene chinamupatsa dzina ndi ntchito kuyambira ali ndi zaka 12, n'kubwerera ndi mng'ono wake atamukoleka paphewa. Mwendo wake ukhalabe wachitsulo mpaka kalekale.

Ndipo atachira, akusiyana. Al akulowera kum'mawa, ku Xing, kukaphunzira kwa May. Edward akulowera kumadzulo. Nkhani ya 2003, pamodzi ndi filimu yake ya mu 2005, Conqueror of Shamballa, inasankha zosiyana: abalewo akuthera limodzi m'dziko lathu lino, ku Ulaya, atasiya Winry ndi kwawo konse. Ambiri amakonda mathero amenewo chifukwa ndi owawa. Kwa ine amaonetsa anyamata amene ngongole ija ikuwamangabe, moti sangathe kupuma popanda mnzake. Mu Brotherhood ngongole yatha, ndipo aliyense akutha kukwera sitima yake popanda wina kumva kuti watayidwa.

Ngati nthawi ndi bandulo zikukulolani nkhani imodzi yokha, tengani Brotherhood, ndipo mupirire kuthamanga kwa magawo khumi oyambirira. Ngati mungathe zonse, yambani ndi ya 2003 kuti mukhale nawo nthawi yokwanira anyamatawa ali ana. Demon Slayer ioneereni maso, ndi okongola zedi, koma pa chibale, Tanjiro ndi Nezuko sakufika pa ana a Trisha Elric.